Wailesi ya Adada pa Mutu wa Mlongo Wanga

Mlongo wanga wamng'ono anali ndi khunyu. Kwathu kwa Kapichila anthu ankangoti amagwa, ndipo akagwa ankamuthawa poopa kuti thovu la m'kamwa mwake liwapatsira matenda. Mapiritsi a kuchipatala cha pa boma ankathandiza, koma masiku amenewo a chipani chimodzi zinthu zinkasowa, sopo, mchere, mabatire, mpaka mapiritsi omwewo.

Chaka china asibweni, alongo awo a amama, anabwera kuchokera ku Lusaka, kumene ankagwira ntchito yodyetsa makoswe oyera m'nyumba ina ya ofufuza. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu wamkulu kumaphikira khoswe, ife kuno tikukumba mbewa za ndiwo! Pofuna kubweza ulemu wawo, anayamba kudzitama kwa adada.

"Mulamu, imwe simuziba. Makoswe aja timawavalika kanthu pamutu, kang'ono monga batani, kalibe waya. Mu bongo muli magetsi. Ndiye kabokosi monga wailesi kamamvela kali patali. Khoswe akafuna kugwa monga mwana uyu, kamayambilatu kuonetsa."

Kaya zinali zoona, kaya ankathirako mchere, sindikudziwa. Asibweni anali munthu wa pakamwa, ndipo mpaka lero ndimawakwiyira. Anaponya mawuwo n'kukwera basi, osadziwa kuti agwera pa mtima wa munthu amene wasowa pogwira.

Adada anali ndi wailesi yakuda yamabatire. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankamukhazika mlongo wanga pamphasa, n'kukoka kawaya ka wailesi mpaka kakhudze tsitsi lake. Ankachoka pa siteshoni ya Lusaka pamene pankalira nyimbo zotamanda chipani, n'kuima pamalo opanda mawu, pongomveka kuti shii. Ankamvetsera atatsinzina. Phokoso likakhala losalala ankati, "Lelo kuli bwino, mwana wane, pita." Likamathetheka, tsiku limenelo sankamulola kuyandikira moto kapena madzi.

Tsiku lina wailesi inathetheka, ndipo masana ake mwana anagwadi. Basi, panalibenso wowabweza. Ine, ndi kasukulu kanga ka sekondale, ndinawauza kuti kuthethekako ndi mphezi zakutali. Anandiyang'ana n'kunena kuti sukulu yandipusitsa. Analeka kumvera nkhani kuti mabatire asathe, ndipo akafooka ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe. Anansi amene ankabwera kudzamvera zolankhula za Pulezidenti anadandaula kuti adada ayamba kuumira.

Mlongo wanga ankaikonda nthawi imeneyo. Ankakhala phee, akumwetulira, dzanja la adada lili pakhosi pake. M'mudzi monse munalibe wina womugwira mutu mopanda mantha.

Mlongo wangayo anamwalira m'chilimwe, titamaliza kukumba nshawa. M'mawa umenewo wailesi inali yosalala, ndipo adada anati apite. Mwana anatenga ndowa kupita kuchitsime cha kudambo, chosazama n'komwe, madzi olekeza m'mawondo. Amayi ena anamupeza atagweramo chafufumimba. Ankati anali adakali wofunda, koma anayamba athamangira kumudzi kukaitana eni ake, poopa thovu lija.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinaona adada akuyala mphasa ija pakhonde. Anakoka kawaya n'kukaloza pamene pankakhala mutu wa mwana wawo. Wailesi inati shii, kenako inathetheka, n'kusalalanso, monga masiku onse. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Iwe wa sukulu, bwela umve," anandiitana. "Mwana kulibe, koma ikulila chimodzimodzi. Nanga masiku onse aja nenze kumvela ndani?"

Ndinali nditapambana mkangano wathu, ndipo palibe chinthu chinandiwawapo ngati chimenecho. Ndinakhala pansi pafupi nawo, n'kulira. Iwo anatulutsa mabatire, n'kupatsa amama kuti aike mu tochi.