Kolona ya amalume aitsekela m'galasi

Abale, moni wabwino mulandila mawa, lelo ndapsa mtima.

Ndangochoka ku Woodlands, kumsonkhano wa anthu ophunzila amene akufufuza ziphunzitso za malemu amalume athu ansembe. Paja anabweleka kolona ya amalume, ija amapemphelela amayi m'mawa uliwonse, ati aionetse lelo lokha.

Mukumbuka kuti mkanda umodzi unataika, amayi n'kusokelapo batani la shati yanga ya sukulu? Ba profesa afotokoza batani limenelo mpaka tiyi wazizila. Ati ndi chizindikilo chakuti amalume anasankha umphawi. Masisitele alila, mzungu wina wagwada. Mulungu ndi mboni, wagwadila batani langa.

Nditati tsopano bwezani, ba profesa ati: “Ba Tembo, ichi ndi chuma cha Mpingo, sichichokanso m'galasi.” Loko wake ndi wamkulu kuposa mutu wanga.

Amayi kuno ku Kabwata akungowelenga Tikuoneni Maria ndi zala.

Ndiye titani? Tipite tonse mawa, kapena ndipite ndekha ndi shati ija tikasinthane? Mabatani otsalawo akalipo, onse ndi oyela.