Chitsulo cha Pamtengo wa Mango

Dzulo mdzukulu wanga anapsereza buledi m'kachipinda kamene tikupanikizanamo kuno ku Coolock, kutsidya kwa nyanja, poti nyumba zikusowa. Alamu yakudenga inakuwa, ndipo ozimitsa moto anafika ndisanapeze n'komwe nsapato. Fungo la utsilo linandibweza kwathu.

Kwathu alamu inali chitsulo cha gudumu la galimoto, chopachika pamtengo wa mango patchalitchi. Ukachimenya pang'onopang'ono, ndiye mapemphero. Ukachimenya mofulumiza osapumira, ndiye moto.

Tsiku lina ndili mwana, akuluakulu onse anali kudimba. Moto wochokera kutchire unagwira denga la nyumba yathu, ine nditabereka mlongo wanga wakhanda. Ndinathamangira kumango kuja. Koma chomenyera chinali cholemera, abale inu, timikono tanga ngati bango. Ndikakweza, nge! Ndipume. Ndikwezenso, nge!

Anthu anamva ndithu. Utsi sunawadabwitse, inali nyengo yotentha tchire. Anayamba atsuka kaye matope kumiyendo. Ndinawaona akukwera chitunda mosathamanga, amayi anga patsogolo, akumanga mpango bwinobwino kumutu.

"Iwe," anandikuwira akuseka, "akatekisi ndiwe lero?"

Ndinakwezanso chomenyera chija ndi manja onse awiri, denga likugwa kumbuyo kwanga.