A Injiniya a ku Limbe afufuta mawu a bambo anga

Lolemba ndinapita ndi laputopu yanga ku Limbe ili yamoyo. Lachitatu ndinakaitenga ili psii, ngati nyumba imene alendi asamukamo usiku umodzi ndi makatani omwe.

Matenda ake anali aang'ono. Inkachedwa basi. Ukaiyatsa unkatha kutereka madzi, kumwa tiyi, n'kuipeza ikuganizabe. Anzanga ku ofesi anati ndikaonjezeremo ramu. Kwa inu amene simunaionepo, ramu ndi kachidutswa kobiriwira, kotalika ngati chala, kamene kamathandiza kompyuta kuganiza msanga. Ntchito ya mphindi khumi, anatero.

Ndinapita kwa bambo ena amene ali ndi kashopu pakati pa wogulitsa matayala ndi wosoka makatani. Dzina lawo sinditchula. Kumeneko onse amawatcha a Injiniya, ndipo eni ake sakana. Munthu wamkulu ndithu, imvi m'mbali, magalasi pamphuno. Anamasula kumsana kwa laputopu, anachotsa ramu yanga yakale, anaikamo yawo yaikulu, n'kudina batani.

Sikirini bii! Fani ikulira m'kati, koma chithunzi ayi. Anazimitsa, anayatsanso. Kachitatu inayaka pang'ono, kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu, n'kuzima yokha.

"Vairasi iyi, bwana," anatero a Injiniya. "Muisiye, mudzabwere Lachitatu."

"Koma m'mawamu imayaka bwinobwino," ndinatero. "Si ramu mwaikamoyi?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bwana, inu mumalemba nkhani, ine ndimakonza makompyuta. Aliyense pake."

Ndinakhala chete. Ndinatenga ramu yanga yakale, kuika m'thumba la malaya, n'kukakwera minibasi. Chete ameneyo ndiye akundiwawa mpaka lero.

Ndikuuzeni zimene zinali m'katimo. Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ku Limbe konko. Anabwera kuno ali kamwana, pamsana pa mayi awo, kuchokera ku Mozambique, tsidya la Muloza. Moyo wawo wonse za kwawo sankazikamba. Koma atayamba kudwala chaka chatha anandiitana. "Bwera ndi kafoni kako, ndikuuze kwathu." Masana atatu ndinawajambula mawu. Anatchula mudzi, mtsinje woti uoloke, tchalitchi choti ukafunsirepo, ndi mayina a azakhali athu awiri amene anatsala kumeneko pamodzi ndi ana awo.

Foniyo anandisolola pa depoti patangotha maliro. Mawuwo anatsala malo amodzi okha, mu laputopu, m'mene ndinali nditawakopera.

Chaka chino tikufuna kumanga chiliza. Achemwali anga a Rozina ananeneratu kuti ife ndi ana chabe, sitingaike mwala pamanda a bambo eni mbumba asakudziwa. Anandituma ine kuti ndimvetsere mawuwo, ndilembe njira, Loweruka likubwerali ndikafotokozere banja kuti tikaitana ndani.

Lachitatu ndinawapeza a Injiniya akudya chimanga chootcha.

"Ndayifomata, bwana, koma ikuvutabe. Ndikuganiza kuti ndi mazabodi."

Kufomata, abale anga, ndi kufufuta chilichonse chimene chili m'kompyuta kuti iyambirenso ngati yatsopano. 

"Nanga zinthu zanga?"

"Aa, simunanene kuti muli zofunika."

"Inu munandifunsa?"

"Ifetu timatero, bwana. Kompyuta ikavuta timayamba tafomata."

Anayankhula akutafuna. Pepani sanatuluke m'kamwa mwawo, ngakhale wabodza. M'malo mwake anayamba kundiuza kuti ali ndi mazabodi ina yabwino, yochokera kunja. Mazabodi ndi chibolodi chachikulu cha m'kati chimene zidutswa zonse za kompyuta zimalumikizidwapo.

Ndinainyamula osatsanzika. Mnzanga wina anandilozera ku Mbayani, kwa mayi wina dzina lake Che Asiyatu, amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'kachipinda kuseri kwa msika. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Musanasinthe ramu imayaka?"

"Imayaka."

"Yakaleyo muli nayo?"

Ndinaitulutsa m'thumba. Anachotsa ya a Injiniya, anapukuta yanga ndi labala ya pensulo, anailowetsa mpaka inalira kuti thwa. Kudina batani, laputopu inayaka ngati sinadwalepo. Vairasi kunalibe. Mazabodi inali bwinobwino. Ramu yatsopano ija inali yakufa kale, ndipo mwina inachokera m'kompyuta ya munthu wina wolira ngati ine.

"Chinthu chikavuta mutangochigwira, achimwene, mumayamba mwabweza chimene mwasintha," anatero Che Asiyatu. "Zinazo pambuyo."

Mphindi zitatu. Nditatuluka panja ndinaima pafupi ndi ogulitsa makala, misozi ili chuchuchu, munthu wamkulu ine.

Tsono ndifunse. N'chifukwa chiyani a Injiniya, amene agwira makompyuta zaka zambiri kuposa Che Asiyatu, sanachite chinthu chapafupi chotere? Kodi sankadziwa? Ayi, ankadziwa. Kungoti kubwezera ramu yakale kukanakhala kuvomera pamaso panga kuti chawo ndicho chaononga. Kutchula vairasi n'kosavuta. Vairasi alibe shopu, alibe nkhope, sungamutengere kwa aliyense. Akulu anati chala sichiloza mwini.

Matenda amenewa sali ku Limbe kokha. Makaniko akusinthira kachitsulo m'galimoto, iyo n'kukuzimira pamtunda wa ku Mandala tsiku lomwelo, ukabwerera akuti mafuta a masiku ano ndi oipa. Wa magetsi akuikira soketi m'nyumba, mababu onse n'kupsa, akuti nyumbayi mawaya ake ndi akale. Ku ofesi bwana abweretsa kachitidwe katsopano, ntchito n'kusokonekera, wochotsedwa ntchito n'kukhala mesenjala. Palibe amene amati, "Imani kaye, tachotsani chimene ndaikachi tione."

Ndipo tikasowa womuloza, mankhwala athu ndi amodzi: fufutani zonse, tiyambirenso. Komiti yatsopano ikalowa, mabuku a yakale amakaponyedwa kustolo kuti chiswe chidye. Wobwera aliyense amafuna kuyamba pa tsamba loyera, ngati kuti asanabwere iye kunalibe anthu. Timafomata mosafunsa n'komwe kuti m'katimo muli chiyani, ndipo ndi cha yani.

Koma chala changachi nachonso ndichipinde chiloze kuno. Miyezi isanu ndi itatu mawu a bambo anali mu laputopu. Sindinawakopere pena. Sindinawatumizire achemwali. Sindinawamvetserenso n'kamodzi komwe, chifukwa ndikangoganiza zomva mawu awo mtima unkandithawa, ndiye ndinkati mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ndipo pa shopu paja ndinafunsa funso lolondola kamodzi kokha, kenako n'kulimeza chifukwa munthu wa magalasi wandiuza kuti aliyense pake. Amalawi ulemu udzatipha. Timaopa kuoneka amwano kuposa mmene timaopera kutaya chinthu chathu.

Che Asiyatu anayesa kupulumutsa zimene akanatha. Anandichenjezeratu kuti ndisayembekezere zambiri, chifukwa a Injiniya atafufuta analembanso zina pamwamba. Dzulo anandiitana. Apeza zithunzi zingapo zong'ambika pakati, ndi kachidutswa kamodzi ka mawu. Anandipatsa zomvera m'makutu, iwo n'kuyang'ana kumbali.

Kamayamba ndi chifuwa. Kenako bambo akuti, "Tiyiyu shuga mwathiramo koma?" Ine ndikumveka ndikuseka, ndikuti, "Adokotala anakaniza, bambo." Iwo akuti, "Ndiye akamwe okha adokotalawo." Basi. Pamenepo kathera.

Mudzi mulibe. Mtsinje mulibe. Mayina a azakhali mulibe. Ndayesa kukumbukira ndekha, koma masiku aja ndinkangoyang'ana ngati foni ikujambula, mutu wanga sunasunge kanthu. Ndikungokumbukira kuti dzina la mudziwo limayamba ndi Na, ndipo midzi yotero tsidya lija ndi yosawerengeka.

Loweruka ndikakhala pamkeka kwa achemwali ku Chilobwe, onse akundiyang'ana, a Rozina n'kufunsa kuti, "Achimwene, tikaitana ndani?" Ine ndikawaliziratu bambo akudandaula shuga. Kodi ndikawauza kuti anali vairasi?

Laputopu ili pano pamene ndikulembera. Muli ramu yakale ija, ndipo ikuchedwa monga kale. Ndikaiyatsa ndimatereka madzi n'kudikira. Tiyi wake ndikumathiramo shuga masupuni atatu, koma sakukoma.