Gemu yafika pa K100, makina athu apsa

Moni nonse abale.

Mayi Asiyatu, aneba athu aja, andifunsa m'mawawu ku mjigo kuti, "Amake Tadala, kodi mukufuna tonse titseke?"

Paja bambo a Tadala amaseweretsa ana gemu ya mpira pa TV. Amuna awo a mayi Asiyatu anatsegulanso yawo moyang'anana nafe, ndiye tinagwirizana kuti gemu ikhale K300 konsekonse, wina asatsitse.

Anebawo mtengowo sanaukhudze, koma anayamba kupereka basela, ukasewera ziwiri yachitatu ulere. Ana onse anathamangira kumeneko. Ife tinatsitsa kufika K200, iwo K150, dzulo ife K100. Aliyense akuopa kuti akakweza yekha, benchi yake itsala yopanda munthu.

Lero ana anadzaza mpaka pakhomo. Makina athu a gemuwo sanapume chiyambire m'mawa, ndi kutentha kwa kunoku. Ine ndimawakupizira mphepo ndi chivundikiro cha ndowa, mwana ali kumsana. Masana tinangomva fungo la waya wopsa, TV n'kuda bii.

Mayi Asiyatu abwera kudzatipepesa, achisoni ndithu. Powaperekeza ndaona kuti pakhomo pawo alemba kale K400.

Abale, inu mukuti bwanji? Tikakonzetse ku Lilongwe kapena tingosiya? Ndikuopa kuti tikatsegulanso, kutsitsirana kuja kuyambiranso. Bambo a Tadala angokhala pa benchi.

Zomwe zapita ndi makina omwe tinagulitsira mbuzi zitatu, komanso lendi ya malo a gemuwo ya mwezi uno yomwe tinalipira kale.