Garafa ya Amalume Fabiyano

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi ananditumiza ku Tete kuchokera kwathu ku Angónia, kukakhala ndi amalume anga a Fabiyano ku Chimadzi. Amalumewo ankagulitsa kachewere pamsika. Ntchito yanga inali kusankha wowola ndi kuunjika milu.

Kwathu kumapiri n'kozizira. Munthu amalima mpaka masana osaganiza za madzi. Chizolowezi chimenecho ndinatsika nacho. Komanso chimbudzi cha pamsika chinali kutali ndiponso chonunkha, ndiye ndinkapewa dala kumwa kuti ndisamapiteko. Anyamata onyamula matumba ankati mwamuna samwa madzi dzuwa lili paliwombo, amafooka mawondo. Ndinawakhulupirira.

Tsiku lina, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, ndinaona mdima masanasana. Ndinatsitsimuka ndili pansi pa benchi, mayi wogulitsa tomato akundikupiza ndi nsalu yake.

Amalume sanakalipe. Titafika kunyumba ananditengera kuseri n'kundiuza kuti ndikodze m'chitini, iwo atatembenukira kukhoma. Manyazi anandigwira. Zimene zinatuluka zinali zochepa, zakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

"Mphwanga, impso zako ukuziwotcha," anatero. "Ndikadzaonanso izi, ukwera galimoto ya kachewere kubwerera kwanu. Mlongo wanga sanandipatse mwana woti ndimuwononge."

Kubwerera sindinkafuna. Ku Tete ndinkapita kusukulu ndikaweruka kumsika, pomwe kumudzi zondidikira zinali ng'ombe za eni ake.

Kuyambira m'mawa mwake ankandimangirira m'chiuno garafa, ndiye kuti botolo, ya madzi owiritsa. Anati ndizimwa ludzu lisanafike, ikatha ndizikathiranso m'chigubu chawo, ndipo ndikamakodza ndiziyang'ana, zikhale zoyererapo. Madziwo ankafunda ndi dzuwa n'kumamveka utsi wa nkhuni. Ndinkameza choncho. Chimbudzi chija ndinkapitako nditatsina mphuno. Anyamata aja anandipatsa dzina loti Garafa, ndipo ankandifunsa ngati mwana wanga wa m'chiunoyo wayamwa kale. Nditadandaula kwa amalume, anangoti dzina silipweteka m'nthiti.

Mawu amenewo ndinawamvetsa tsiku lina akusintha malaya. M'mbali mwawo, mmunsi mwa nthiti, munali chipsera chachitali chosokedwa. Ataona kuti ndayang'ana, anati nawonso anatsika kumapiri ali mnyamata wosamwa madzi, mpaka kuchipatala anawachotsa miyala mu impso. Anati ululu wake unkawagubuduza pansi ngati nkhuku yodulidwa khosi. Anavala malaya, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kumudzi sanandibweze. Sukulu ndinafika nayo pamene ndinafika.

Lero ndimamanga nyumba ku Canongola, konkuno ku Tete, tsiku lonse padzuwa, imvi zili mbuu. Anzanga ena a pamsika paja impso zinawavuta kale, mmodzi tinamuika. Sindinganene kuti onse ndi chifukwa cha madzi, ine si dokotala. Ndikungodziwa kuti ine ndimakwerabe pakhoma, ndipo anyamata anga a pantchito sagwira njerwa asanamwe.

Kale ndinkayesa kudzisamala ndi ntchito ya odwala. Tsopano ndikudziwa kuti thupi la munthu wokalamba amalikonza ndi mwana amene sakumva kupweteka paliponse. Mwana wotero samva msanga, pamafunika wina womuumiriza. Ine ndinali naye. Mpeni wa dokotala anaulawa okha amalume, ine anangondipatsa nzeru zake.