Mphasa imene amalume anagulira mlendo wa ku Maputo

Ndikukumbukira msewu wa pa Zóbuè zaka zimene tinali titangobwerako ku Malawi kothawa nkhondo. Malole ankandanda pamalire kudikira mapepala, ndipo m'mbali mwa msewu munkakhala milu ya mbatatesi, kabichi ndi matimati. Fungo la mafuta a malole linkasakanikirana ndi la chimanga chootcha, kamphepo kozizira kakutsika m'phiri. Mulu waukulu kuposa yonse unali wa amalume anga a Jeremiyasi, mlongo wawo wa amayi. Ine ndinali kamtsikana kolongolola, ndiye ndikaweruka kusikola ankandikhazika pambali pawo kuti ndizilimbana ndi ogula onenerera.

Amalume anali munthu wamfupi koma wa mawu aakulu. Ndiwo anatiwolotsa malire nkhondo itafika poipa, ndiwonso anatibweza mtendere utabwera, akutiwerenga mmodzimmodzi ngati mbuzi polowa m'khola. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ababa anali mkamwini wabwino, wofatsa, wakhama pakhasu, koma nkhani ikakhala ya ife ana, kaya ukwati, kaya matenda, kaya ulendo, mwini mawu anali amalume. Zimenezi pa Zóbuè ankazidziwa ngakhale mwana woyamwa.

Mkulu wanga, mana Rozita, anatalika mosafunsa munthu. Kumsasa wa othawa nkhondo ankasewera mpira wamanja wa atsikana uja, ndipo anzake ankadandaula kuti iye saponya, amangoikamo. Titabwerera anapita kukapitiriza sikola ku Moatize, akukhala kwa azakhali ku Mithete. Kumeneko pulofesolo wina, mphunzitsi wa pasikolapo, anamuona akuthyola masau panthambi imene anzake ankaigenda ndi miyala, basi n'kumukokera ku basikete, mpira wodunda pansi uja, woponya mumkombero wachitsulo. Akabwera kumudzi pa feriya, sikola itatsekera, ankadunda kampira kakutha pabwalo la amayi mpaka nkhuku kusowa pokhala.

Kenaka mphekesera zinayamba. Masiku amenewo mafoni kunalibe, nkhani zinkabwera ndi amotorisita, oyendetsa malole aja. Wina ankati timu ya ku Beira ikufuna mtsikana wamtali wa ku Moatize. Wina ankatsutsa, ati ayi, ndi ya ku Maputo, yamulonjeza sikola ndi pogona. Panalinso wina wa dzino lagolide amene ankalumbira pali amake kuti mwanayo akukwera ndege wa ku Portugal. Anyamata a pamalire ankakangana mpaka kugwirana malaya, ngati kuti timuzo ndi zawo, chikhalirecho mpira wa basiketewo anali asanauonepo n'kamodzi komwe. Dzina la mtsikanayo sankalitchula, koma ine ndinkadziwa kuti akunena mana Rozita. Amalume ankangofwenthera kumbali. "Nkhani za m'malole izo," ankatero, "munthu wanzeru satola."

Tsiku lina motorisita wina atagula mbatatesi anawayang'anitsitsa. "Madala, si inu amalume ake a Rozita wa basikete? Mwayi wanu! Ndamva kuti mkulu wa timu ya ku Maputo anafika kwanu, ndipo bambo ake a mtsikanayo avomera kale."

Kalanga ine! Amayi ogulitsa pafupi nafe anayamba kusanja matimati osanja kale. Amalume anamupatsa munthuyo thumba lake, n'kuvala chipewa, n'kundisiya ndekha ndi mulu wonse.

Inalidi nkhani yoona. Mkuluyo anafika kumudzi tsiku limene amalume anapita kukapikula mbatatesi kumtunda. Kwawo kummwera mwana ndi wa bambo, ndiye anangofunsa kuti bambo wa Rozita ali kuti. Ababa, amene chikwatirire anali asanafunsidwepo kanthu ndi mlendo wa galimoto, anavomera ndi manja awiri. Mlendo atapita m'pamene mantha anawagwira, ndipo iwo ndi amayi anangokhala nayo nkhaniyo ngati khala lamoto m'manja.

Madzulo a tsiku limene motorisita uja anaulula nkhaniyo ndinapeza amalume ali pakhonde pathu, ababa atazyolika. "Alamu," ankatero amalume, "mwana ameneyu munabwera naye podzakwatira kuno? Ine ndinasenza mbumba yonseyi kupita nayo ku Malawi, n'kuibweza yosaperewera, lero ndizimva kwa amotorisita kuti mwana wanga akupita kuti? Ngati munthuyo akumufuna, abwere akhale pamphasa panga, andiuze dzina lake ndi kwawo." Amayi sakanadumpha mawu a mlongo wawo. Mana Rozita nayenso, ngakhale ulendowo ankaulota usana ndi usiku, sakanapita popanda mawu amenewo. Atakadwala kutaliko, akanakamutenga ndani?

Patapita nthawi tinamva kuti timu ya ku Maputo ija ikubwera yonse kudzasewera ku Tete, ndipo idzafikanso ku Moatize. Mana Rozita anabwera Lamulungu lina n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe. "Tere, amalume amakumvera iwe. Usawapemphe kuti avomere ayi. Angobwera adzandione." Ndinawakakamira ngati nkhupakupa. Iwo ankangoti zoonera ana aakazi akuthamangathamanga ndi makabudula si zawo. Koma m'mawa wa tsiku la mpiralo ndinawaona atavala kazako, jekete yawo ya kutchalitchi. Anati akupita ku Moatize kukagula nsomba zouma, ndipo akufuna wowanyamulira. Pa Zóbuè nsomba zouma zinali mbwee, koma ine sindinayankhe, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga.

Tinakwera shapa, kagalimoto kodzaza anthu mpaka pakhomo. Potsika mapiri tinkadutsa magalimoto opsa a nthawi ya nkhondo, udzu utamera m'mawindo. Kuzizira kwa kwathu kunatsalira m'mbuyo, mitengo ya malambe inayamba kuoneka, ndipo pofika ku Moatize dzuwa linali likuswa mtengo. Fumbi la malasha linkamveka mpaka m'mano. Amalume thukuta linali kamukamu, koma kazako sanavule. Nsombazo anaguladi, kuti wina asadzanene kanthu.

Bwalo lake linali la simenti, lopanda denga, anthu atadzaza mpaka pampanda ndi m'mitengo. Atsikana a ku Maputo atalowa ndinaiwala kutseka pakamwa. Anthu amene mayina awo tinkangowamva pa wailesi anali pamaso pangapa, malaya ofanana, nsapato zoyera mbee, zolira kuti kwii kwii pasimenti. Panali wina wamfupi wometa amene ankapatsira mnzake mpira akuyang'ana kwina, ngati ali ndi maso kunkhongo. Panali wina wamtali, katswiri wawo weniweni, amene ankaponyera patali mpira n'kulowa osakhudza chitsulo, ukonde wokha n'kuti tswaa. Athu a ku Moatize aliyense anavala zimene anapeza. Mana Rozita anali mu nsapato zobwereka kwa pulofesolo, poti za akazi zomukwana kunalibe.

"Bwanji sakungounyamula n'kuthamanga nawo?" anandifunsa amalume. Ndinawafotokozera malamulo onse molimba mtima, theka lake ndikupeka. Anakhala manja ali pachifuwa, nkhope ili gwa, ngati ali pamlandu.

Kenaka katswiri wamtali uja anadumpha kuti aponye, monga ankachitira masana onse. Mana Rozita anadumpha naye, n'kuupamantha mpirawo uli m'malere, phaa! Anautola, anadunda nawo bwalo lonse, miyendo ija ikumeza simenti, n'kukauika mumkombero pang'onopang'ono ngati akuika dzira m'dengu. Bwalo linaphulika. Nditacheuka ndinapeza amalume ali chiimire pabenchi, chipewa chili m'manja, nsomba zamwazikira pamiyendo ya anthu. "Mbumba yanga imeneyo! Ndinamuwolotsa malire ndine ameneyo!" Kuyambira pamenepo sanakhalenso pansi. Ankakalipira woimbira mpira nthawi iliyonse akaimba kherere, ngakhale ataimbira mokomera ife. Athu anagonja, ndipo anagonja kwambiri, koma katswiri uja potuluka anamugwira mana Rozita paphewa n'kumuuza kanthu akuseka.

Anthu akubalalika, pulofesolo anabwera ndi bambo wina wa magalasi, mana Rozita ali pambuyo pawo, thukuta likuchucha. Anali mkulu wa timu uja. Anawapatsa amalume moni waulemu, ndipo pulofesolo ankamasulira kuchokera m'Chipwitikizi. "Akuti awauza kuti mawu ali ndi inu, ndipo apepesa kuti analowera khomo lolakwika. Mawa m'mawa akunyamuka. Mukavomera, mtsikanayu akwera nawo."

Ndinali nditawagwira dzanja amalume. Nkhope yawo inali ikuwala. Ndikulumbira, ndinaona milomo yawo ikuyamba kuvomera. Koma anayang'ana uku ndi uku, anthu atatizinga, ena akutafuna nzimbe, ndipo anakonza kazako yawo.

"Muwauze kuti mwana sapemphedwa choimirira, pagulu, ngati tikutsatsana mbuzi. Ku Zóbuè si kutali. Abwere kunyumba tikakhale pansi, akadye, akaone kumene mwanayu amachokera."

"Amalume, chonde," anatero mana Rozita, "ingonenani pompano."

"Khala chete, mwanangu. Ukufuna azikakuyesa wotola panjira? Adziwe kuti uli ndi eni ake, kuti akakusunge bwino."

Bambo wa magalasi anamwetulira, anayang'ana wotchi yake, n'kunena kuti aona.

Pobwerera amalume anasimbira shapa yonse mmene mpira unayendera, akuonetsa ndi manja mpaka kugwetsa duku la mayi wina. Pamalo ena pamene tinaima anagula mphasa yatsopano, yonunkhira bango, ati mlendo wa ku Maputo sangakhale pa yakutha. "Apita ameneyu, Tere," anandinong'oneza. "Mulungu sangapatse munthu miyendo ngati imene ija kuti azikapalira nayo mbatatesi." Kunyumba anamanga tambala wamkulu pamwendo, anauza amayi kuti asese bwalo, ndipo anapita kukagwirana chanza ndi ababa.

Tsiku lotsatira anakhala pakhonde atavala kazako, khutu lili kumsewu. Linzakelo chimodzimodzi. Tambala anaonda pachingwe mpaka amayi anamumasula. Mvula itayamba kugwa, motorisita wa dzino lagolide uja ndi amene anatiuza kuti timuyo inanyamuka m'mawa womwe inanena, itatenga mtsikana wina wa mumzinda wa Tete. "Wamfupi kuposa wanu," anatero, ngati kuti zimenezo zitonthoza munthu.

Mana Rozita anasewerabe kanthawi, mpaka timu ya ku Moatize inatha yokha chifukwa chosowa mipira ndi woiyang'anira. Anakwatiwa ku Mithete ndi bambo woumba njerwa, ndipo mgodi wa malasha utakula anawasamutsira ku Cateme, kumene akulima mpaka lero. Sindinamumvepo akuwanenera amalume mawu oipa, ngakhale tili awiri. Ine ndiye ndinawakwiyira zaka zambiri, ndipo mpaka pano ndikaganiza za masana amene aja pamtima pamandiwawa. Mphasa ija anaipinda n'kuiika pamitanda ya denga, ndipo palibe amene analoledwa kuiyala.

Chimene chinasintha n'chakuti amalume, munthu wodana ndi nkhani za m'malole, anasanduka wozipempha. Lole iliyonse yochokera kummwera ikaima, ankaonjezera mbatatesi pamulu wa motorisita n'kufunsa motsitsa mawu ngati wamvako zoti timu ina ikufuna mtsikana wamtali. Amotorisita ankawapatsa zimene akufuna: ati ya ku Beira ikufunafuna, ati ya ku Maputo ibweranso chaka chamawa. Iwo ankabwera nazo kunyumba mosamala ngati madzi a m'manja.

Lero zinthu zinasintha. Ana anga amakangana za osewera a kutsidya kwa nyanja, uyu akupita timu iyi, uyo wagulidwa ndi iyo, zonse akuziona pafoni, ndipo sipakhala wodikira lole. Atsikana a kwathu amapita ku Maputo, amalume awo n'kumva atafika kale. Nthawi zina ndimati zili bwino choncho. Nthawi zina ndimaona mwana akupita popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti akamusunga ndani, ndiye ndimakumbukira amalume.

Chaka chomaliza cha moyo wawo amalume anali atakalamba, maso akuchita khungu, koma pamsewu sankalephera. Mana Rozita anabwera kudzationa, ndipo ine ndi iye tinapita kukawatenga kuti akadye. Tinawapeza atagwira chitseko cha lole, akuyankhula ndi kamnyamata kamene nthawi ya mpira uja kanali kasanabadwe. "Ndi wamtali," ankatero, "akadali pasikola. Mukakawaona a timuwo mukawauze kuti amalume ake avomera."

Mana Rozita anali chiimire pambuyo pawo, imvi zili m'mutu, mdzukulu ali kumsana. Anawagwira mkono.

"Amalume, tiyeni kunyumba. Timu ija inapita kale."

Anatembenuka, n'kukweza nkhope kufunafuna kumene mawu akuchokera, poti mpaka tsikulo ankamulekeza pachifuwa.

"Ndinali nditavomera, mwanangu. Mawu anali pakamwa pomwepa."

"Ndikudziwa, amalume," anatero mana Rozita. "Ndinawaona."