Chitsime cha Aphunzitsi Daka

Mvula yoyamba ku Kasenengwa imadza ndi mphepo, ndipo sichedwa. Aliyense amene ali ndi chitsime amadziwa kuti isanagwe ayenera kulambula ngalande yakumtunda, kuti madzi othamanga pabwalo apatukire kwina. Chaka chino amayi Mainess Daka sanalambule. Msana unkawapweteka, ndipo anachita manyazi kupempha ana a eni.

Chitsimecho anakumba ndi amuna awo, malemu aphunzitsi Yosefe Daka, amene anaphunzira ku mishoni ya Tamanda ndipo ankakonda Chingelezi. Amayi Mainess sukulu anailekeza panjira, koma pa zaka zonse za ukwati anatolako mawu angapo. Limodzi linali lakuti "murky". Aphunzitsi ankalitchula mvula ikagwa, atakweza tambula ya madzi kuloza kudzuwa.

"Si matope ayi, mayi," ankatero. "Matope umawaona n'kuwataya. Awa ndi madzi oti suona pansi pa tambula. Sudziwa chimene chilimo."

Akatero ankatenga khasu n'kupita kungalande.

Amayi Mainess amadziwika ndi ukhondo. Amasesa bwalo mame asanaume, mbale zawo zimauma pathandala, ndipo ndiwo amachapa nsalu ya pagome la kutchalitchi. Mudzi utalandira mjigo, anansi anasamukira kumeneko, koma iwo anatsalira pa chitsime chawo. Amati madzi ake ndi ozizira, ndipo sanunkha chitsulo.

Loweruka lina, mvula itagwa masiku angapo, kunabwera mwana wawo Sankhani kuchokera ku Chipata, pamodzi ndi mkazi wake Ireen ndi khanda lawo Chance, longoyamba kumene kudya phala. Anabwera kudzagona, kuti m'mawa mwake mwana akaonekere kutchalitchi kwa agogo ake. Aka kanali koyamba kuti mdzukuluyo agone pakhomopo. Amayi Mainess anali atazira chipinda, atamanga nkhuku miyendo. Anatunga madzi mumtsuko n'kuthira mu tambula ya alendo.

"Imwani, amake Chance. Mwayenda padzuwa."

Ireen analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuika tambulayo pansi pambali pa mpando. Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake nalankhula Chingelezi chapansipansi, akumwetulirabe. Mawu ena onse anawadutsa amayi Mainess. Limodzi lokha analimva: "murky".

Anayang'ana tambula ija. Pansi pake sipankaoneka. Anakumbukira khola la mbuzi limene lili kumtunda kwa bwalo, ndi kanjira kamene madzi amvula anadzikumbira kuchokera kumeneko mpaka pakamwa pa chitsime. Iwo anali atamwa madziwo sabata yonse, maso atazolowera.

"Amama," anatero Sankhani akukanda m'mutu, "tingocheza pang'ono. Ireen ali ndi ntchito m'mawa."

"Lamulungu?"

"Yadzidzidzi, amama."

"Nanga phala la mwana ndiphike?"

"Tanyamula lake, amayi, musavutike," anayankha Ireen mwaulemu.

Amayi Mainess sanatsutse. Anamnyamula mdzukulu kwa kanthawi, kenaka anawatolera mango m'thumba n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

"Tidzabwera mvula ikakata," anatero Sankhani, maso ali pansi.

Mvula imakata mu Epulo. Mwanayo adzakhala akukwawa, ndipo nkhope ya agogo ake adzakhala ataiiwala.

Pobwerera anakumana ndi mnansi wawo Edita, atasenza ndowa yochokera kumjigo.

"Alendo athawa nkhuku, amake Sankhani? Tibweretsereni ife, sitithawa."

"Ntchito za m'tauni," anayankha osakweza mutu.

Atafika anamasula nkhuku ija. Tambula inali pamalo pomwe paja, dothi lofiira litakhazikika pansi. Madzi ake anakathira patsinde pa nthochi, pamodzi ndi a mumtsuko onse.

Mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa. Anamanga chitenje cholimba m'chiuno, natenga khasu la aphunzitsi kuseri kwa nkhokwe. Anayambira pangodya ya khola, akumakumba pang'ono n'kuwongola msana, dothi akuliunjika mbali ya chitsime. Madontho oyamba anawapeza ali pakati. Sanaleke mpaka ngalande inafika kunthochi. Madzi ofiira ochokera kukhola analowamo, nadutsa chitsime patali. Anapukuta khasu ndi udzu, n'kulibwezera kuseri kwa nkhokwe.